Ndikufufuza uthenga wa imfa ya alongo awo a agogo anga, akuti anafera ku Wankie

Nambewe wa ku 25:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya kwathu ku Dedza, kwa Kaphuka. Agogo anga obereka mayi anali ndi alongo awo amene anapita ku Halale nthawi ya Chitaganya, cha m'ma 1955, kudzera pa Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero). Poyamba ankalemba makalata, ankatumiza mabulangete ndi ndalama ya msonkho, kenako kunangoti zii. Mu 1973 kunabwera bambo wina wa mudzi woyandikana nafe akuchokera komweko, n'kudzanena kuti munthu wanu uja anafera mumgodi ku Wankie pa ngozi yaikulu ya 1972 ija. Kalata sinabwere, kaya ya boma kaya ya kampani. Agogo pano akalamba kwambiri koma nkhaniyi saileka. Amati maliro a mlongo wawo sanawalire bwino chifukwa panalibe choti aone. Ndikufuna ndipeze pamene panalembedwa za imfa imeneyi, m'nyuzipepala kapena pena paliponse, ndikawawerengere. Ndiyambire pati?

Admin:
Takulandirani a Nambewe. Chikumbutso kwa tonse: mayina athunthu a malemu ndi a abale amoyo, manambala a foni ndi zithunzi za zitupa tisaike pano. Amene akufuna kuthandiza afunse ku inbox.

Gogo Chisale:
Mwana wanga, wachita bwino kufunsa agogo ako akadali ndi mphamvu zoyankhula. Koma ndikuuziretu, za nyuzipepala usaikepo mtima kwambiri. Masiku amenewo munthu wa kumudzi akamwalira kunja, sankalembedwa m'nyuzipepala ayi. Uthenga unkayenda njira zitatu: telegalamu yopita kwa DC, iye n'kutuma mesenjala kwa mfumu, kalata yolembedwa ndi mnzake wa malemu, kapena pakamwa pa munthu wobwerera kumudzi, ngati mmene zinachitikira kwanuko. Kuno kumudzi tinkatchera khutu ku Mauthenga Achisoni pa MBC, koma ameneyo anali mawu a pa wailesi, ukaphonya waphonya. Ndipo mbiri ya malemu imene timawerenga pamaliro ija inkalembedwa pa pepala long'amba m'kope, mwambo ukatha pepala lija n'kulowa m'thumba la jekete la wowerengayo.
Kumbukiraninso kuti lamulo lakale la 1904 lolembetsa kubadwa ndi imfa silinkakakamiza ife anthu akuda. Zoti imfa iliyonse izilembedwa ku boma zabwera ndi lamulo la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015. Ndiye kumbali ya Malawi kuno musayembekezere chikalata cha imfa.

Nambewe wa ku 25:
Zikomo agogo. Ndiye ku Zomba kosungira zakale kuja ndisapiteko?

Gogo Chisale:
Pita, koma udziwe chimene ukukafuna. Nyuzipepala zakale zilipo, Malawi News ya June 1972 ukhoza kuipempha uone mmene anailembera ngoziyo. Mafayilo a ma DC ndi a za ntchito aliponso. Koma usayambire kumeneko. Yambira pakhonde la agogo ako.

Phiri wa ku Madumabisa:
Moni achemwali. Ine ndine wobadwira kuno ku Hwange, madala anga anachokera ku Ntcheu. Wankie ndi dzina lakale, linasinthidwa mu 1982. Ngozi mukunenayo kuno timaitcha Kamandama. Inachitika m'mawa wa pa 6 June 1972 pa mgodi wa Number 2. Unayamba kuphulika ndi mpweya wa methane, kenako fumbi la malasha linagwira moto n'kuthamanga m'njira zonse za pansi. Anafa anthu 427, ndipo mwa iwo 37 anali ochokera ku Malawi, 91 a ku Zambia, 52 a ku Mozambique. Tsiku lotsatira kunaphulikanso, mpweya woipa unadzaza, opulumutsa analephera kulowa. Pa 9 June akuluakulu a mgodi anagamula kuti atseke, mitembo yoposa 400 inatsala pansi pomwepo. Mpaka lero chaka chilichonse pa 6 June timasonkhana pamalopo, amayi amasiye amene atsala amabwera.
Ndiye ngati sekuru (agogo) wanu anali m'gulu limeneli, dzina lawo lilipo, chifukwa onse amene analowa shifiti ya m'mawa umenewo anawerengedwa. Pali mdala wina kutchalitchi kwathu amasunga mndandanda wake. Nditumizireni dzina ku inbox.

Nambewe wa ku 25:
Achimwene, Mulungu akudalitseni. Ndatumiza. Sindinkadziwa kuti mitembo sinatulutsidwe. Ndawerenga kawiri uthenga wanu misozi ili m'maso.

Mwale ku Joni:
Bwanji osangopita ku TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi kuno ku Joni? Iwo amasunga makadi a anthu onse a m'migodi, ndi zidindo za zala zomwe. Ine a malume anga tinawapeza choncho.

Gogo Chisale:
A Mwale, apo mwasakaniza njira ziwiri. TEBA ndi Wenela yakale, imene inkatenga anthu kupita ku migodi ya golide ku Joni. Ndi ija ndege yake inagwa ku Francistown pa 4 April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu n'kuletsa Wenela mpaka 1977. Wopita ku Rhodesia ankayenda pa Mthandizi, kapena pa malole a Ulere, kapena wapansi payekha kudzera ku Tete. Wa Mthandizi simungamupeze m'mabuku a Wenela pokhapokha ngati anadzadumphira ku Joni pambuyo pake.

Mwale ku Joni:
Zoona agogo, ndamva. Komabe a Nambewe musaitaye njira imeneyo, ambiri ankagwira chaka ku Rhodesia kenako n'kuwoloka Limpopo chifukwa malipiro anali abwinoko kumwera.

Nabanda (Leeds):
Ndiwonjezere za pa intaneti. Pa FamilySearch pali mulu wa zikalata wotchedwa Zimbabwe Death Notices, 1904 mpaka 1976, ndipo kuona n'kwaulere bola mutsegule akaunti. Koma dziwani chiyambi chake. Zikalata zimenezi zinkalembedwa pofuna kugawa chuma cha masiye ku ofesi ya Master of the High Court, ndiye ambiri amene alimo ndi azungu ndi anthu amene anali ndi nyumba kapena ndalama ku banki. Wogwira ntchito ya mumgodi wokhala m'komboni kawirikawiri mulibe. Yesanibe, sizitenga nthawi. Polemba dzina yesani kalembedwe kosiyanasiyana: L ndi R amasinthana, Ch nthawi zina ankalemba C yekha, Ph ankangolemba P. Kalaliki ankalemba zimene khutu lake lamva.

Nambewe wa ku 25:
Ndayesa usiku wathawu, palibe chatuluka. Ndidikira a Phiri.

Phiri wa ku Madumabisa:
Achemwali, ndapita kwa mdala uja, tinakhala pansi n'kuwerenga mndandanda wonse dzina ndi dzina. Dzina munandipatsa mulibe. A Mbewe alimo, koma mayina oyamba ndi ena. Manje pali zinthu ziwiri: mwina analembedwa ndi dzina lina, kapena sanafere pa Kamandama.

Nambewe wa ku 25:
Mwandisokoneza mutu. Zaka zonsezi banja lonse timadziwa kuti anafera pamenepo.

Gogo Chisale:
Usataye mtima, kuona maso a nkhono n'kudekha. Apa m'pamene ntchito yayambira. Mwamuna wa msinkhu umenewo ankakhala ndi mayina atatu kapena anayi. Pali la paubwana limene anamutcha agogo ake. Pali limene analandira atakula, kaya kudambwe kaya pa ubatizo. Ndiye pali la pachitupa. Ambiri ankanyamuka asanafike msinkhu wa msonkho, n'kubwereka chitupa cha mkulu wawo kapena cha atsibweni awo, ndipo dzina limenelo n'limene ankadziwika nalo kuntchito mpaka imfa. Ena pothawa bwana wankhanza pafamu ankataya chitupa n'kukatenga china ndi dzina latsopano.
Koma pali zimene munthu sankakonda kusintha: mfunda wake, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Pachitupa pankalembedwa dzina, dzina la bambo, nyakwawa, mfumu ndi boma. Ndiye pita kumudzi ukafunse izi: mayina onse a malemu, dzina la bambo awo ndi la mayi awo, dzina la nyakwawa ya nthawi imeneyo osati ya lero, anyamata amene ananyamuka nawo limodzi, ndiponso ngati anali wa mpingo. Ukafunsenso ngati m'sutikesi ya agogo mwatsala envelopu ngakhale imodzi. Kalata ikhoza kukhala yofufutika, koma chidindo cha positi ndi keyala ya kumbuyo zimanena zambiri.
Ndipo usakafunse ngati wapolisi. Kakhale nawo madzulo, muzikatong'ola chimanga, nkhani izikabwera yokha.

Nabanda (Leeds):
Mujambulenso mawu pa foni, mutawapempha kaye. Zimene mungaone ngati zosafunika lero, mawa n'zimene zingatsegule njira.

Nambewe wa ku 25:
Ndabwerako kumudzi. Agogo Chisale, munanena zoona. Dzina ndinapatsa a Phiri lija ndi la paubwana. Anabatizidwa ku CCAP ali mnyamata ndipo analandira dzina lina la m'Baibulo, limene kumudzi silinazolowereke. Chitupa ananyamuka nacho chinali chawo ndithu, koma pa dzina la bambo analembetsa la atsibweni awo amene anawalera, chifukwa bambo awo anali atachoka pamudzi ukwati utatha. Envelopu yapezeka imodzi m'kati mwa buku la nyimbo la agogo. Chidindo ndi cha Wankie, chaka chikuoneka 1968, ndipo kumbuyo kwalembedwa Number 3. Ndatumiza zonse kwa a Phiri.

Phiri wa ku Madumabisa:
Number 3! Achemwali, imeneyo ndi nkhani ina. Number 3 ndi mgodi wina, komboni yake ndi Makwika. Umene unaphulika ndi Number 2. Anthu ankasamutsidwa inde, koma izi zikundipatsa maganizo oti sekuru sanali pansi tsiku limenelo. Ndabwereranso ku mndandanda ndi dzina latsopanoli, mulibenso. Lamulungu ndikafunsa akuluampingo a CCAP. Mpingo umenewu kuno unabwera ndi anthu a kwathu omwewo, uli pansi pa Sinodi ya Harare imene inachokera ku Nkhoma, ndipo mpaka lero timaimba nyimbo za Chichewa. Munthu wobatizidwa akabwera ankapereka kalata yosamukira, dzina n'kulowa m'buku pamodzi ndi mpingo umene wachokera.

Gogo Chisale:
Mukafunsenso za sosaiti ya maliro, a Phiri. Anthu a kwathu kunja kuja chinthu choyamba ankachita n'kusonkhana a boma limodzi, a Dedza paokha, a Ntcheu paokha, n'kumasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akagwa aikidwe mwaulemu. Mlembi wa sosaiti ankalemba bwino kuposa kalaliki wa kampani, chifukwa iye ankamudziwa munthuyo ndi kwawo komwe.

Phiri wa ku Madumabisa:
A Nambewe, khalani pansi musanawerenge. M'buku lakale la mpingo dzina la ubatizo lija lilimo, ndi dzina la atsibweni lija ngati lachiwiri, ndipo palembedwa kuti anachokera ku Dedza. Pambali pake wina analemba ndi inki ina kuti anamwalira mu 1981. Mkulu wampingo wina wachikulire akuwakumbukira. Akuti anasiya ntchito ya pansi chifukwa cha chifuwa, n'kumasoka zovala pa mashini m'komboni. Ananditengera kwa amayi ena amene amuna awo anali mlembi wa sosaiti ya anthu a ku Dedza, ndipo buku likadalipo, lokutidwa ndi pepala la simenti. Patsamba la August 1981 pali mizere isanu ndi umodzi ya Chichewa: dzina, mfunda, mudzi, mfumu Kaphuka, kuti anadwala chifuwa nthawi yaitali, kuti wasiya mkazi ndi ana atatu, ndi ndalama zimene sosaiti inapereka pa bokosi. Mzere womaliza akuti uthenga wapita kumudzi pa kalata. Chithunzi ndaika ku inbox kwanu. Manda ali konkuno.

Nambewe wa ku 25:
Sindikudziwa choti ndinene. Manja akunjenjemera. Ndiye anakhala moyo zaka zina zisanu ndi zinayi ife tikuti anafa.

Nabanda (Leeds):
A Phiri mwagwira ntchito yaikulu. Koma a Nambewe, ndikupempheni chinthu chimodzi musanauze agogo. Tsimikizani kaye. A Mbewe a kwa Kaphuka amene anapita ku Rhodesia ndi ambiri, ndipo mayina a m'Baibulo ndi omwewomwewo. Dzina la mudzi likugwirizana ndendende? M'mabanja ambiri anthu amalumikiza munthu wolakwika chifukwa mtima ukufuna kuti akhale yemweyo, ndipo zikalowa mu mbiri ya banja kuzichotsa kumavuta. Papezeke chinthu chimodzi chimene mbali ziwirizi zikudziwa popanda kuuzana.

Nambewe wa ku 25:
Mudzi ndi womwewo, dzina lakale la nyakwawa imene agogo ananditchulira. Koma ndamva uphungu wanu. A Phiri, anawo alipo?

Phiri wa ku Madumabisa:
Aamuna awiri anatisiya. Wamkazi ali ku Bulawayo, ndi mayi wachikulire tsopano. Ndayankhula nawo pa foni, Chichewa amamva koma amayankha m'Chindebele. Potsatira mawu a Nabanda sindinawauze kalikonse za kwanu, ndinangowafunsa zimene bambo awo ankanena za kumudzi. Akuti ankatchula mtsinje wa Linthipe, ndiponso kuti dzina lapakhomo la mayiwa, bambo awo anawatcha potengera mlongo wawo wamng'ono amene anamusiya ku Nyasaland. Dzinalo ndakutumizirani. Akutinso bambo awo anali ndi chipsera cha moto pa mkono wamanzere kuyambira ali mwana.

Nambewe wa ku 25:
Ndi dzina la paubwana la agogo. Pagulu pano sindinalitchulepo, ngakhale kwa a Phiri. Za chipsera ndafunsa mayi, akuti agogo amasimba kuti mlongo wawo anagwera pamoto ali wamng'ono. Ndi iwowo.

Mwale ku Joni:
Ndakondwa nanu, koma ine mtima wandiwawa. Munthu ali moyo, ali ndi mashini osokera, osalemba ngakhale kalata imodzi kwa mlongo wake kuyambira 1968 mpaka 1981? Mayi ake anamwalira akudziwa kuti mwana wawo anakwiririka mumgodi. Utchona wotere ine sindiumvetsa.

Phiri wa ku Madumabisa:
Achimwene, musaweruze msanga madala amenewa. Ine ndakulira pakati pawo. Munthu ankachoka kwawo atalonjeza njinga, mashini ndi malata. Zaka zikupita, ndalama ikuthera m'mimba mwa ana, chifuwa chayamba. Manyazi obwerera chimanjamanja ankamanga munthu miyendo, ndipo chaka chilichonse chimene sanalembe chinkapangitsa kalata yotsatira kukhala yovuta kuiyamba. Onjezani nkhondo. Malire a Rhodesia ndi Zambia anatsekedwa mu January 1973, a Mozambique anatsekedwa mu March 1976, msewu wa ku Tete unali woopsa. Ndipo ndani akudziwa kuti sanalembe? Buku la sosaiti likuti kalata ya maliro inatumizidwa mu 1981, koma kwa a Nambewe sinafike. Ngati imeneyo inasowa panjira, zina zikanalephera bwanji kusowa? Makalata a kumudzi ankadzera pa keyala ya sukulu kapena ya sitolo, mphunzitsi akasamuka basi.
Komanso ana awo kuno sanakhale pa mtendere. Ambiri a ife zitupa zathu zinali ndi chilembo A, kutanthauza mlendo, ngakhale tinabadwira konkuno. Malamulo a dziko a 2013 ndi amene anatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, ndipo Chichewa chinalowa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Mayi a ku Bulawayo aja atamva kuti kuli abale akuwafuna analira pa foni. Akuti moyo wawo wonse akafunsidwa kwawo ankangoti ku Malawi, osadziwa khomo loti angagogode.

Mwale ku Joni:
Ndamva achimwene. Ifenso kuno ku Joni alipo anzathu amene foni ali nayo m'manja koma kumudzi saimba chifukwa cha manyazi omwewo. Ndinayankhula ndi ukali chifukwa ndinaganiza za mayi ake.

Gogo Chisale:
Bambo amene anabweretsa uthenga mu 1973 aja nawonso tisawanene kuti ananama. Ngoziyo inamveka dera lonse. Munthu amene ankagwira ntchito ku Salisbury kapena pafamu, atamva kuti ku Wankie kwafa anthu mazana anayi ndipo mnzake wa ku Wankie sakumvekanso, akanaganiza chiyani? Ananena zimene ankakhulupirira.
Tsopano mwana wanga Nambewe, nkhani iyi usakaiponye pa foni kwa agogo ako. Uyambe wauza mwini mbumba, atsibweni ako aakulu, ndipo mupite limodzi. Muyambe ndi zoti manda apezeka ndiponso kuti anaikidwa mwaulemu ndi anthu a kwawo, ndi nyimbo za mpingo wawo. Zoti kuli mwana wotchedwa dzina lawo zibwere pambuyo pake. Za zaka zisanu ndi zinayi zija adzafunsa okha, ndipo akafunsa musawabisire. Amfumu adziwitsidwenso, chifukwa m'mudzi munthuyu amawerengedwa kuti anafa 1972.

Nabanda (Leeds):
Pa zolemba: a Phiri, ngati eni buku alola, jambulani tsamba lonse osati mizere yokhayo, ndi chikuto chomwe, kuti chaka ndi dzina la sosaiti zioneke. Chimodzimodzi buku la mpingo. A Nambewe mulembe pansi pa chithunzi chilichonse kuti buku likusungidwa kuti ndipo anajambula ndani. Popeza imfa ndi ya 1981, mwana wawo angathe kukafunsa ku ofesi ya Registrar General ngati chikalata cha imfa chinatulutsidwa, iye ndi amene angamuthandize msanga kuposa inu. Ndipo mbiri ya malemu imene simunaipeze m'nyuzipepala ija mukhoza kuilemba nokha tsopano, mbali ya ubwana kuchokera kwa agogo, mbali ya ku Wankie kuchokera kwa mwana wawo.

Nambewe wa ku 25:
Tinapita ndi atsibweni monga munanenera agogo Chisale. Ndinawawerengera mizere ija pang'onopang'ono. Anandiuza ndibwereze pamene patchulidwa mudzi ndi mfumu. Za zaka zija anafunsadi, tinawauza, anakhala chete nthawi ndithu kenako anafunsa ngati mlongo wawo anali ndi womusamalira pamene ankadwala. Tinati inde, mkazi wake ndi a mpingo. Madzulo tinaimbira azakhali a ku Bulawayo pa WhatsApp, mdzukulu wawo akumasulira. Banja lagwirizana kuti tisonkhe ndalama ya chiliza, chifukwa a Phiri akuti pamandapo pali kachitsulo ka nambala chabe. Agogo akufuna palembedwe mayina onse awiri, la paubwana ndi la ubatizo, ndi dzina la mudzi.
A Phiri, mungatifunsireko mtengo wa chiliza chapakatikati kumeneko, ndiponso ngati pamafunika chilolezo?

Phiri wa ku Madumabisa:
Ndifunsa mawa kwa osema miyala ndi kwa oyang'anira manda. Loweruka mdzukulu wa ku Bulawayo akubwera pa basi, tikapita limodzi kukalambula pamandapo ndi kujambula masamba aja monga anenera a Nabanda. Munditumizire kalembedwe kenikeni ka mayinawo ndi ka mudzi, atsibweni anu akaone kaye asanaseme.